Likoma: Boma Lomwe Minda Yake Inatsala Kutsidya

Pa maboma 28 a dziko lino, laling'ono kuposa onse ndi Likoma. Ndi zilumba ziwiri zokha, Likoma ndi mng'ono wake Chizumulu. Chachikulucho ndi cha masikweya kilomita pafupifupi 18, chaching'onocho atatu, moti pa Likoma penipeni munthu wamiyendo yake akhoza kunyamuka ku Nkhwazi kum'mwera tambala atalira n'kukamwera tiyi ku Makulawe kumpoto. Kalembera wa mu 2018 anapezako anthu 14,527, osakwana ngakhale a mfumu imodzi yandodo ya ku Lilongwe kapena ku Mangochi.

Ukaima pagombe la Mbamba, pomwe pali msika ndi maofesi, n'kuponya maso kum'mawa, mapiri amene umawaona ali pafupi zedi, moti nyengo ya lupsa usiku umatha kuona moto ukukwera m'mbali mwake. Mapiriwo si a Malawi. Ndi a Mozambique, ndipo mudzi wa Cobue womwe uli m'tsinde mwake uli pamtunda wosakwana makilomita khumi. Nkhata Bay, komwe kumayambira Malawi wakumtunda, ali kumadzulo makilomita pafupifupi 70. Mbiri ya Likoma yagona pamenepa. Nkhuni, minda ndi abale zili kutsidya lapafupi, pomwe boma, ndalama ndi malamulo zili kutsidya lakutali, ndipo mbali zonse ziwiri n'zofuna chombo. Aliyense amene anakhalapo ndi mphamvu pachilumbachi, kaya mfumu, kaya mmishonale, kaya wamalonda, mphamvuzo anazipeza chifukwa anali ndi chowolokera.

Nthaka yake ndi yamiyala ndi mchenga. Kulibe mtsinje waukulu, kulibe dambo lalikulu loti mudzi wonse n'kudalira. Mitengo yomwe imalamulira ndi milambe, ina yonenepa kwambiri moti amuna angapo atagwirana manja sangaizungulire, ndi mango omwe amagwa okha m'njira miyezi ya Novembala ndi Disembala. Chimanga chimabereka monyinyirika. Mbewu yomwe inagwirizana ndi nthakayi ndi chinangwa, ndipo ntchito yake amaidziwa ndi amayi: kukumba, kusenda, kuviika m'madzi masiku angapo kuti ululu uchoke, kuyanika pamiyala, kusinja. Ufa wake ndiwo umaphika kondowole, nsima yokakamira m'manja yomwe mwana wa pa Likoma amaisowa akakhala kutali ndi kwawo, makamaka ikakumana ndi utaka wauwisi. Koma chinangwa cha pachilumba sichinakwanirepo anthu onse chaka chathunthu. Kuyambira kalekale chakudya china chinkabwera pamadzi.

Azungu asanabwere, Likoma anali pothawira. M'zaka za m'ma 1800 gombe lonse lakum'mawa kwa nyanja linalibe mtendere. Angoni a mbali za Songea, omwe anthu a m'mphepete mwa nyanja ankawatcha Magwangwara, ankatsika m'mapiri kudzalanda chakudya ndi anthu. Mafumu ena akumtunda ankagulitsa akapolo kwa amalonda a ku Kilwa, ndipo zombo zamatanga zochokera kwa Jumbe ku Nkhotakota zinkawoloka nyanja zitadzaza anthu omangidwa. Anyanja a mbali imeneyi ankakhala mothithikana m'midzi ya malinga, ndipo ena amene anali ndi bwato anathawira pachilumba, poti ankhondo akumtundawo sankayenda pamadzi. Ena anachokera kumadzulo, kwa Atonga, ndipo Chitonga chimamvekabe pa zilumbazi pambali pa Chinyanja. N'chifukwa chake mabanja ambiri ukawafunsa komwe makolo awo anachokera, amaloza kutsidya. Mfumu yomwe inali ndi mawu pachilumbachi nthawi imeneyo inali Chiteji, ndipo inkakhala kumtunda, mbali za Cobue.

Mishoni ya Anglican ya UMCA inafika pa Likoma itazungulira njira yaitali. Inayamba ku Magomero mu 1861, Bishopu Charles Mackenzie n'kumwalira ndi malungo chaka chotsatira, otsalawo n'kusamukira ku Zanzibar mu 1864. Mu 1882 wansembe wina, William Percival Johnson, anatulukira kunyanja wapansi kuchokera kum'mawa. Mnzake amene anayenda naye, Charles Janson, anamwalira atangofika pagombe. Johnson anaona kuti midzi ya Anyanja yandandalika m'mbali mwa madzi, kumbuyo kwake kuli mapiri ndi nkhondo, ndipo njira yokha yoifikira yonse inali sitima. Anapita ku England kukapempha sitimayo. Pobwera nayo anadwala maso koopsa, mpaka anatsala ndi diso limodzi loona mwachimbuuzi, koma ntchito ya panyanja sanaisiye. Sitimayo anaitcha Charles Janson ndipo inayamba kuyenda mu 1885, chaka chomwe Bishopu Charles Smythies anapempha malo pa Likoma kwa Chiteji. Chilumbachi anachisankha chifukwa chinali ndi pokocheza pabwino komanso nkhondo sinkafikapo. Malo omwe anapatsidwa anali pa Chipyela, pomwe kale ankatentherapo anthu oganiziridwa ufiti.

Kagwiridwe ka ntchito kanali kotere: sitima inkayenda mudzi ndi mudzi m'gombe lakum'mawa, n'kusiya mphunzitsi mmodzi pamudzi uliwonse womwe mfumu yavomera. Mphunzitsiyo ankamanga sukulu yaudzu, yomwe Lamulungu inkasanduka tchalitchi. Pakapita milungu sitima inkabweranso ndi wansembe, masileti, mankhwala ndi malipiro. Mabuku ambiri a mbiri amatchula azungu amene anali m'sitimamo, koma ine ndimaona kuti ulemu waukulu uyenera kupita kwa amene ankatsala pagombe sitima ikachoka, poti ndiwo ankagona m'midzi yomwe Magwangwara akanatha kuigwera usiku uliwonse. Mmodzi mwa iwo anali Augustine Ambali. Iyeyu anagwidwa ukapolo ali mnyamata, anapulumutsidwa panyanja yamchere, anaphunzira ku Kiungani ku Zanzibar, ndipo anatumikira ku Messumba zaka makumimakumi, poyamba ngati mphunzitsi, kenako wansembe. Wina anali Yohana Abdallah, amene anadzozedwa unsembe mu 1898, anakhala ku Unangu pakati pa Ayao, ndipo buku lake la mbiri ya Ayao linatuluka mu 1919. Leonard Kamungu wa ku Chia anadzozedwa mu 1909 n'kupita kukayamba ntchito ku Msoro, m'dziko lomwe lero ndi Zambia, komwe anamwalira mu 1913. Anthu amenewa ndiwo anachititsa kuti chilumba chopanda minda chikhale likulu la dera lalikulu chotere.

Chauncy Maples anafika pa Likoma mu 1886 ndipo ndiye ankayang'anira zapachilumba Johnson akakhala panyanja. M'nthawi yake panabwera makina osindikizira mabuku, ndipo mu 1893 panayamba kutuluka kanyuzipepala ka Nyasa News, kamodzi mwa zofalitsa zoyambirira m'dziko muno. Mu 1895 anamudzoza ubishopu ku London. Pobwerera, atafika kum'mwera kwa nyanja, sanadikire sitima. Anakwera boti lamatanga, namondwe anawapeza usiku mbali za Salima pa 2 Sepitembala, botilo linamira, ndipo iye anafera pomwepo asanakhale pampando wake ngakhale tsiku limodzi. Manda ake ali ku Nkhotakota. Sitima yachiwiri ya mishoni inatenga dzina lake. Anaipanga ku Glasgow mu 1899, n'kuitumiza m'zidutswa zikwizikwi kudzera mu Zambezi ndi Shire. Pa mathithi a Shire zidutswazo zinayenda pamitu ya anthu, ndipo boyila yake, yolemera matani 11, anaikoka pangolo Angoni 450. Anailumikiza kufupi ndi kwa Mponda ndipo inayamba kuyandama mu 1901. Inali sukulu, chipatala ndi tchalitchi nthawi imodzi.

Kenako panabwera tchalitchi chachikulu cha St Peter, chomwe mpaka lero chimazunguza mutu mlendo aliyense. Mwala wa maziko anauika ndi Bishopu Gerard Trower pa 27 Januwale 1903, mapulani anajambula ndi Frank George, mapemphero anayamba kuchitikiramo mu 1905, ndipo anachipatula pa 14 Novembala 1911. Kutalika kwake ndi pafupifupi mamita 100. Chilumba chinapereka miyala ndi manja a anthu. Matabwa anachokera kutsidya, malata ndi magalasi ku Ulaya, ndipo zonsezo zinafika pamadzi n'kukwera chitunda cha Chipyela pamitu ndi pamapewa. Amene amangochijambula zithunzi aziganizirako za amayi amene anasenza miyala imeneyo ndi amisiri achikuda amene anaisema. Mkati mwake muli mtanda womwe anausema kuchokera ku mtengo wa kwa Chitambo, pomwe anakwirira mtima wa David Livingstone. Lamulungu m'mawa belu likalira, njira zonse za pachilumba zimadzaza anthu ovala zoyera, ndipo nyimbo zikayamba m'katimo, ndi mawu a anthu mazanamazana, ngakhale wosapemphera tsitsi limamuimirira.

Pomwe ntchito zimenezi zinkachitika, ku Ulaya anali atagawana kale nyanja. Pangano la pa 11 Juni 1891 pakati pa Britain ndi Portugal linapereka gombe lakum'mawa la mbali imeneyi kwa Apwitikizi, koma Likoma ndi Chizumulu zinatsala m'manja mwa Angelezi chifukwa cha mishoni ija. Pangano lina la mu 1954 linakankhira malire pakati pa nyanja, zilumbazi n'kutsala mkati mwa madzi a Mozambique. Palibe amene anafunsa Chiteji kapena anthu ake. Munthu amene dzulo lake ankapalasa bwato kupita kumunda kwake anapezeka kuti akulowa m'dziko la eni, malume ake asanduka nzika ya kwina. Kuwawa kwa malirewa kunaonekera poyera mu Novembala 1911, masiku ochepa tchalitchi chisanapatulidwe, pomwe msilikali wa Chipwitikizi anawombera ndi kupha Arthur Douglas, wansembe amene ankayang'anira koleji ya aphunzitsi ya St Michael ku Cobue. Zitatero kolejiyo inasamukira pa Likoma, ku Makulawe. Ku Nkhwazi kunali kale koleji ya St Andrew yosulira ansembe.

Ndiye taganizirani kachilumba kotere kali ndi makoleji awiri, chipatala, nyumba yosindikizira mabuku, mashopu a ukalipentala ndi sukulu za anyamata ndi atsikana omwe. Pa nthawi yomwe m'madera ambiri a Nyasaland munthu wodziwa kuwerenga ankachita kumufunafuna, pa Likoma kunkanenedwa kuti wosadziwa kuwerenga ndiye anali wosowa. Chinyanja cha pachilumbachi chinalowa m'mabuku. Johnson anamasulira Baibulo lonse m'chilankhulo chimenechi, linatuluka mu 1912, ndipo kwa zaka zambiri Akhristu a Anglican a ku Nkhotakota, ku Malindi ndi kwina ankapemphera m'Chinyanja cha ku Likoma. Johnson mwiniwakeyo anamwalira mu 1928 ku Liuli, m'dziko lomwe lero ndi Tanzania, atatha zaka zoposa makumi anayi panyanja.

Maphunzirowo ndiwo anasanduka munda wa Likoma. Chilumba chinalibe fodya, thonje kapena tiyi woti n'kugulitsa, koma chinali ndi ana odziwa cholembera. Anyamata ankamaliza sukulu n'kukwera sitima. Ankakagwira ukalaliki ku Zomba ndi ku Blantyre, uphunzitsi m'midzi ya m'mbali mwa nyanja, ntchito zachipatala, zosindikiza mabuku ndi za m'sitima. Ena anafika ku Salisbury, ku Bulawayo, ku migodi ya kopa ya ku Northern Rhodesia, ku Johannesburg ndi ku Dar es Salaam. Ndalama zinkabwera m'makalata, ndipo nyumba zambiri zakale zamalata zomwe zimaoneka m'midzi ya pachilumba zinamangidwa ndi thukuta lakutali. Mtengo wake unali wowawa. Amayi ndiwo ankatsala ndi ana, chinangwa ndi maliro. Ena mwa amunawo ankabwera patchuthi patapita zaka, ena anabwera atakalamba kudzafera kwawo, ena anachona osamvekanso. Mwa ana a chilumbachi amene anabwerera ndi ulemu, wodziwika kwambiri ndi Josiah Mtekateka, amene anatumikira zaka zambiri ku Tanganyika, mu 1965 n'kukhala bishopu woyamba wachikuda wa Anglican m'Malawi, ndipo mu 1971 anakhala bishopu woyamba wa dayosizi ya Lake Malawi.

Koma pofika nthawi imeneyo zinthu zinali zitatembenuka. Misewu ndi magalimoto zinali zitachuluka kumtunda, ndipo kuyendetsa mpingo wa dziko lonse uli pachilumba kunayamba kuvuta. M'zaka za m'ma 1950 ndi 1960 maofesi a dayosizi anasamukira kumtunda, mpaka anakhazikika ku Malosa m'nthawi ya Bishopu Donald Arden. Sitima ya Chauncy Maples inapita m'manja mwa boma. Ntchito zambiri zomwe zinkadyetsa mabanja zinapita nawo limodzi. Tchalitchi chinatsala, chipatala cha St Peter chinatsala, ndipo mu 1995, pomwe inakhazikitsidwa dayosizi ya Northern Malawi, St Peter anakhala tchalitchi chake chachikulu. Koma pa nkhani ya chuma, Likoma anabwerera kunyanja.

Usodzi wa pa Likoma ndi wa ukonde wa chilimira. Utaka amaupeza pa zitunda za miyala za pansi pa madzi, zomwe msodzi aliyense amazidziwa poyang'ana phiri ili ndi mlambe uwo, nzeru yomwe bambo amasiyira mwana. Usipa ndi wausiku, makamaka mwezi ukakhala mumdima. Dzuwa likamalowa gombe limadzaza phokoso la mainjini. Boti lamatabwa limakoka mabwato, n'kupita kutali. Kumeneko msodzi wotchedwa siginala amakhala yekha m'bwato ndi nyali zake, kale za palafini zopopa, lero za mabatire, n'kudikira kuti usipa usonkhane pansi pa kuwala. Iye ndiye mwini nzeru. Akaona kuti nsomba zakwana amakuwa, anzake n'kuponya ukonde mozungulira, iye n'kumapalasa pang'onopang'ono kulowetsa nsombazo pakamwa pa ukondewo. Kenako ndi kukoka, amuna asanu ndi atatu kapena khumi, manja akutuluka matuza, kangapo usiku umodzi. Ukaima pamtunda nthawi imeneyo, nyali zimaoneka zitandandalika pamadzi ngati tauni. Kukamacha amayi amakhala atafika kale pagombe ndi mabeseni. Amagula pa chigoba, ena n'kufwafwaza, ena n'kuyanika pathandala. Ndalama ikapezeka amayamba achotsa ya mafuta, yotsalayo kawirikawiri n'kugawana pakati mwini ukonde ndi anyamata ake. Usiku woipa ya mafutayo siibwerera, ndipo ngongole imagona pa mwini boti.

Nyanja ili ndi nyengo zake. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti mwera ukhoza kuwomba masiku angapo osapuma, mafunde n'kukula, maboti onse n'kukhala pamchenga, ndiwo n'kusowa pachilumba chozunguliridwa ndi nsomba. Nyengo ya mvula kumabwera mpoto, ndiponso nkhungu, tizilombo tomwe timatuluka m'madzi mochuluka moti patali timaoneka ngati utsi. Mphepo ikatikankhira kumtunda amayi amatikola ndi malichero onyowa n'kuumba timikate ta ndiwo. M'miyala ya m'mbali mwa zilumbazi mulinso mbuna, tinsomba tamawangamawanga tomwe ena mwa mitundu yake sapezeka kwina kulikonse, ndipo timagulitsidwa kunja kwa anthu oweta nsomba m'magalasi.

Usipa wouma umapita ku Nkhata Bay, ku Mzuzu mpaka ku Lilongwe, ndipo pobwera ndalamayo imasanduka chimanga, shuga, sopo, simenti ndi malata. Koma moto wophikira umachokera kutsidya lapafupi. M'mawa uliwonse nyanja ikakhala bata, zombo zamatanga azigamba zimawoloka kuchokera ku Mozambique zitasenza nkhuni, makala, nsungwi, udzu wofolera, nthawi zina mbuzi ndi chimanga. Pobwerera zimatenga katundu wa m'magolosale a pa Mbamba. Odwala a kutsidyako amabwera kuchipatala cha St Peter, makwacha amayenda m'midzi ya mbali ya Cobue, ndipo maukwati ndi maliro zimawolotsa anthu mbali zonse. Nkhondo ziwiri za ku Mozambique zinalimbitsa ubale umenewu m'njira yowawa. Mu Sepitembala 1964, FRELIMO itayamba kumenyana ndi Apwitikizi, Cobue anali amodzi mwa malo oyamba kumveka mfuti, ndipo m'miyezi yotsatira anthu ochuluka anathawira pa Likoma. Nkhondo yapachiweniweni, yomwe inatha mu 1992, inabweretsanso ena. Chilumba chosakwanitsa kudyetsa eni ake chinawalandira, chifukwa amene ankatsika m'mabwatowo anali azakhali, asuweni ndi apongozi. Akuluakulu amakumbukirabe kuti masiku amenewo nkhuni zinkasowa, poti wokatola kutsidya ankaika moyo pachiswe.

Ubale womwewo umaonekanso pa malipenga. Guleyu anatengera perete wa asilikali a nthawi ya atsamunda: amuna ovala zoyera zositidwa bwino, masokosi ofika m'maondo, ng'oma yaikulu, ndi zikho zoimbira zomwe zimalira mwamanzenene. Gulu lililonse limatchedwa boma ndipo lili ndi maudindo ake. Nyengo ya zikondwerero maboma amayenderana, a pa Likoma, a pa Chizumulu ndi a kutsidya, olandira alendo n'kuphika kwa masiku. Amayi nawo ali ndi chioda chawo.

Chomangira zonsezi pamodzi, kuyambira mu 1951, ndi Ilala. Sitimayi anaipanga ku Scotland, anailumikiza ku Monkey Bay, ndipo inabwera dziko likulirabe sitima ya Vipya, yomwe inamira mu 1946 n'kupha anthu 145. Imakocheza pa Likoma kawiri pa sabata, popita kumpoto ndi pobwerera kum'mwera. Kwa zaka makumimakumi panalibe doko loti ifike pagombe. Inkaima patali n'kuliza hutala, ndipo chilumba chonse chinkatsikira ku Mbamba, kaya ndi masana kaya pakati pa usiku. Maboti ake awiri ankatsitsidwa m'mbali, anthu n'kumatsika pamakwerero, wina mwana kumsana, thumba la ufa likudutsa pamutu pake. Botilo silinkafika pouma. Munthu ankadumphira m'madzi ofika m'chiuno, katundu pamutu, ndipo anyamata amphamvu ankapha makwacha ponyamula agogo ndi odwala kuwafikitsa pamchenga. Njinga zamoto, mafiriji, matumba a simenti, mabokosi a maliro, zonse zinkadutsa njira yomweyo. Kukakhala mwera ntchitoyi inkatenga maola ambiri ndipo mitima inkakhala m'mwamba. Mwana aliyense wa pa Likoma amene anasankhidwa kupita kusekondale yakumtunda, mayi aliyense amene anatumizidwa kuchipatala chachikulu, anayamba ulendo wake atanyowa.

Tsiku la sitima msika umadzaza tomato, kabichi ndi mbatata zakumtunda. Sitima ikawonongeka, zotsatira zake zimaoneka sabata yomweyo: mashelefu a m'magolosale amayera, mitengo ya zinthu imakwera, usipa umaunjikana m'matumba wopanda wogula, wapantchito amalephera kukafika komwe waitanidwa. Mu 2012 Ilala inakhala miyezi yambiri ku Monkey Bay ikukonzedwa, ndipo anthu a pa zilumbazi anagwira njakata. Ambiri ankawoloka makilomita 70 aja pa maboti amatabwa odzaza mopitirira muyeso, chifukwa kuchitira mwina kunalibe.

Zina zasintha, ndipo n'zoyamikika. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 Likoma anachoka pansi pa Nkhata Bay n'kukhala boma palokha, ndi bwanamkubwa wake, moti munthu safunikanso kuwoloka nyanja pa kanthu kalikonse ka ku ofesi. Magetsi, omwe kale anali a majenereta a dizilo ozima usiku, anawonjezeredwa mphamvu ndi makina oyendera dzuwa omwe kampani ya EGENCO inaika pa zilumba zonse ziwiri cha m'ma 2020. Doko lomwe anthu analilirira kwa zaka zambiri linamangidwa. Kuli bwalo la ndege zing'onozing'ono, ndipo malo ogona alendo monga Kaya Mawa amabweretsa anthu ochokera kutali ndi ntchito kwa achinyamata ena. Njinga zamoto za kabaza zadzaza m'njira zomwe kale zinali za apansi okhaokha, ndipo ndalama za ana a kutali zimafika pafoni.

Koma ndege ndi ya alendo ndi ochepa opeza bwino. Thumba la chimanga silikwera ndege. Anthu akuchuluka pa nthaka yomwe sikukula, nyumba zikulowa m'minda ya chinangwa, maukonde achuluka ndipo asodzi akudandaula kuti akupita kutali kuposa kale kuti apeze zomwe makolo awo ankapha pafupi. Mitengo ya kutsidya nayo ikutha m'mbali mwa gombe. Sukulu, yomwe inali chuma cha chilumbachi pomwe ena analibe, lero ili paliponse, ndipo mwana wa pa Likoma amapikisana ndi anzake a m'tauni omwe mabuku ndi aphunzitsi ali nawo pafupi. Mphunzitsi kapena namwino wakumtunda akatumizidwa kuchilumba, funso lake loyamba limakhala la kayendedwe, ndipo yankho lake ndilo limamuuza ngati akhalitse kapena ayi.

N'chifukwa chake ndimati nkhani ya sitima si yapambali pokamba za chitukuko cha Likoma. Maboma ena akapempha msewu wa tala, dziko limamva, chifukwa aliyense amadziwa kuwawa kwa matope. Msewu wa anthu a pa Likoma ndi Chizumulu ndi sitima, ndipo yomwe amaidalira kwambiri yatha zaka zoposa 70 ili pamadzi. Zombo zina zing'onozing'ono zimathandiza, koma nyengo ya mwera imafuna sitima yaikulu, yolimba, yoyenda pa tsiku lodziwika, ya mtengo womwe mayi wogulitsa usipa angaukwanitse. Anthu amenewa amakhoma msonkho ndi kuvota ngati Amalawi ena onse. Aphungu athu ndi a unduna wa zamtengatenga, pezani sitima ina Ilala ikadali kuyenda, musadikire tsiku lomwe idzakanike kudzuka ku Monkey Bay.